Khobwe wovala masokosi

M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, mayi Lily a kumpata wa Fort Lister ankayamba akazonda chulu cha kumapeto kwa munda wawo. Ndi mayi wamfupi, woseka ndi thupi lonse. Pachulupo panayanga khobwe wam'tchire, wanjere zing'onozing'ono, woti mbuzi imangomununkhiza n'kudutsa. Koma chaka chimene dzuwa linawotcha khobwe yense wa m'mizere, iyeyu anangoti biriwiri, ngati akumwa madzi mobisa.

Alangizi a zaulimi atamva, anabwera ndi mtsikana wofufuza za mbewu, dzina lake Chawezi. Iye anati akufuna njere zake akazikwatitse ndi khobwe wodzala, kuti ana ake azipirira ng'amba. Anati abweranso zitheba zikauma.

Vuto linagona pomwepo. Khobwe wam'tchire sadikira munthu. Dzuwa likafika paliwombo, chitheba chouma chimangoti phu! njere balala m'maudzu. Mayi Lily anazisaka chokwawa, maondo onse dothi, osatola ngakhale imodzi. Zitheba zinkatha, ndipo chulu china chotere kunalibe.

Ndiye anatolera masokosi a zidzukulu zawo, a kusukulu ndi a khanda omwe, n'kuveka chitheba chilichonse, kukamwa kwake n'kumanga ndi luzi. Chulu chonse lende lende, awa oyera, awa ofiira, ena obooka chidendene koma osokedwa msangamsanga.

A Davison, alamu awo, anatsika panjinga chifukwa cha phwete. "Alamu, nsapato muwagulira liti?"

"Pitani ku Migowi kwanuko! Anzanuwa akupita kuukwati, mumafuna apite chapansi?"

Masana m'masokosimo munkamveka phu! phu! ngati chimanga m'chiwaya. Mayi Lily n'kumalulutira okha pachulu, khasu lili poteropo, mpaka amayi opita kumjigo anayamba kuwathandiza nthungululu asakudziwa n'chifukwa chake chomwe.

Chawezi atafika anaseka mpaka kukhala pansi. Anayamba kumasula, kukutumulira pampango, njere mbwee, zakuda ndi zamawangamawanga. Palibe inathawa.

Akuzimanga kuti azipita, mayi Lily anamugwira mkono.

"Mwanangu, khobweyu ndi mkazi, wobadwira pamudzi pano. Kwathu kuno ana ndi a kuchikazi, wamva? Akabereka kumeneko, anawo ubwere nawo, ndidzawadzale m'munda mwa mayi awo. Koma masokosiwo ndisiyire, mawa eni ake ali ndi sukulu."