Tsiku limene basi inaima pakhomo pathu

Ndikakumbukira a Nyirenda, ndimamva fungo la dizilo losakanikirana ndi la dothi lonyowa ndi mame, komanso kutsokomola kwa injini yozizira kumene kunkatidzutsa tonse pa Bolero tisanayambe n'kusesa komwe. Anali dalaivala wa basi ya kampani imene inkagona pafupi ndi msika, ndipo nyumba yawo inali kuseri kwa nyumba za aphunzitsi kumene ife tinkakhala. Bambo anga anali mphunzitsi wochokera ku Ntcheu, boma ndi limene linawatumiza kumpoto.

Basiyo inkanyamuka m'mawa kulowera ku Rumphi boma, n'kuwoloka pa Njakwa mpaka kukafika ku Mzuzu, ndipo inkabwerera dzuwa litapendeka, padenga patasanjikizana njinga, malata ndi matumba a feteleza. A Nyirenda anayamba kuyenda msewuwo ali kondakitala, kale pamene basi ikatitimira m'matope anthu ankatsika n'kuyamba kudula nthambi zoyala pansi pa matayala. Anali mkulu wa mpingo, wosaseka wambawamba, ndipo malamulo a kampani ankawasunga ngati a m'tchalitchi. Sankaima paliponse koma pasiteji. Ngakhale akazi awo, anyaGondwe, tsiku lina anawasiya akuthamanga ndi dengu la tomato pamutu. "Basi ilibe m'bale," anatero madzulo ake, uku akupukuta magalasi.

Matipate atabwera, kunabweranso maminibasi ndi matola, oima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Anthu anayamba kuithawa basi, mipando yambiri n'kumayenda yopanda anthu, koma a Nyirenda sanasinthe. Ife ana tinkawaopa, akuluakulu ankati ndi wouma mtima.

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 7 bambo anadwala. Anawonda mpaka lamba anasowa poboola, ndipo anthu obwera kudzazonda ankalankhula motsitsa mawu, dzina la matendawo osalitchula. M'mawa wina m'dzinja anayamba kupuma mobanika. Kuchipatala chaching'ono anatiuza kuti tithamangire ku boma, koma ambulansi inali itapita kwina. Amayi anakaitana minibasi. Dalaivala wake anasuzumira pakhomo, n'kuwayang'ana bambo pamphasa, kenako n'kubwerera m'mbuyo.

"Pepani chomene, amama. Akatisiya m'njira, galimoto yanga adzakwerenso ndani?"

Amayi anakhala pansi pakhonde, manja ali m'masaya. Sipanapite nthawi, tinamva basi ikulira mwachilendo, pafupi kwambiri. Inali itasiya msewu waukulu n'kulowa kanjira ka nyumba za aphunzitsi, ikuthyola nthambi za mango, mpaka inaima pakhomo pathu penipeni. A Nyirenda anatsika, n'kuvula chipewa.

"Anyina Tadala, tengani bulangete," anawauza amayi. Tadala ndine.

Kondakitala anawatsatira akunong'ona. "Adada, inspekita akamva zimenezi?"

"Akamva, adzandifunse ineyo."

A Nyirenda anawabereka bambo kumsana ngati mwana, n'kukawagoneka pampando wakutsogolo, kumene basi siigwedezeka kwambiri. Bambo wina wovala jekete anadandaula kuti achedwa ku ofesi. A Nyirenda anangomuyang'ana n'kunena kuti, "Mukafika, adada. Yewo."

Anayendetsa pang'onopang'ono, akuzemba dzenje lililonse, mvula ikuwaza pamagalasi. Mutu wa bambo unali pamiyendo ya amayi, ine nditagwira mapazi awo ozizira. Tisanafike ku boma ndinamva amayi akuwaitana bambo ndi dzina lawo lenileni, limene ndinali ndisanawamvepo akulitchula, kenako anakuwa.

Basi inaima pamalo opanda siteji, pakati pa minda ya fodya. A Nyirenda anazimitsa injini, ndipo tinangomva mvula padenga. Anadzagwada pafupi ndi mpandowo, anawatseka maso bambo, n'kupemphera m'Chitumbuka. Mayi wina wachikulire kumbuyo anayambitsa nyimbo ya maliro, basi yonse n'kuvomera, ngakhale bambo wa jekete uja. Anthuwo sitinkawadziwa, koma azimayi awiri anabwera kudzakhala ndi amayi, wina n'kundifunditsa chitenje chake. Kenako a Nyirenda anatifikitsa pachipata cha chipatala, ndipo sananyamuke mpaka thupi litalowa mkati.

Ku Mzuzu anafika mochedwa kwambiri, ndipo kampani inawaimitsa ntchito kwa kanthawi. Zimenezi tinazimva kwa anyaGondwe, amene anabwera kudzatithandiza kumanga katundu. Eni ake sanatiuze kanthu. Tinakaika maliro ku Ntcheu, ndipo ku Bolero sitinabwererenso. Patapita zaka zochepa tinamva kuti basi ija inaleka kuyenda, msewu wonse unatsala m'manja mwa maminibasi, ndipo a Nyirenda anamwalira ali mlimi kumudzi kwawo.

Chitumbuka ndinaiwala pafupifupi chonse, koma nyimbo ija ndimaitha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Amayi atamwalira, ndinaimirira pamanda n'kuiimba ndekha. Anthu a kwathu sanamve ngakhale liwu limodzi, koma okumba manda anaika makasu pansi n'kudikira kuti ndimalize.