Tengani Mwana Wanu, Alamu

Ine mawu ndinali nawo. Funsani aliyense amene anakumbako malasha ku Moatize zaka zija njanji itangofika kumene. Ndikakuwa pakhomo pa mgodi, a pansi ankamva. Ngakhale mzungu akafuna kuitana gulu ankakodola ine. Koma mawu onsewo anakathera pa khonde la alamu anga ku Zóbuè.

Ndinakwatira kumapiri kumeneko, chikamwini. Mkazi ndi mwana ankakhala kwawo, ine ku mgodi, kumapita akandipatsa masiku. Mwanayo anali mmodzi, wamwamuna, wongosiya kumene kuberekedwa, wamakani ngati ine ndemwe.

Ulendo wina ndinampeza akukodza kuseri kwa nkhokwe. Atanyonyomala, nkhope atakwinya, akudzikakamiza. Khungu la kunsonga linali lothina, kabowo ngati ka singano, ndipo mkodzo usanatuluke nsongayo inkayamba yafufuma ngati khosi la chule. Kenako timadontho. Amake anati zinayamba kale, amayi akuluakulu akuti zimatha zokha.

Nditabwerera ku Moatize ndinakafunsa infirimeru, namwino wa pa mgodi, Mnyungwe wina wodziwa ntchito yake. Sanathamangire mpeni ayi. Anati ana ambiri amabadwa khungulo lili lotseka, limamasuka lokha, ndipo olikoka mokakamiza ndiwo amavulaza ana. "Koma ukaona mafinya, kapena thupi latentha, kapena mkodzo wayamba kukana, usadikire. Bwera naye tidule. Ndi ntchito yaing'ono, mawa lake amathamanga."

Ulendo wotsatira mafinya ndinawaona ndi maso angawa. Mwana akamva mkodzo ankayamba kulira asanavule n'komwe.

Tsono kwathu mwana si wa bambo. Ndi wa atsibweni ake, mlongo wa amake, mwini mbumba. Ine wobereka sindikanatha kumkweza galimoto popanda iwo kuvomera. Ndinawapeza alamu angawo pa kantina, kagolosale ka Myao wina wachisilamu pafupi ndi malire, akugula mchere. Ndinayamba kufotokoza pomwepo, ndipo poti ine kunong'ona sindidziwa, mwini kantina anamva zonse. Anali munthu wabwino, ankamkonda mwanayo, ankampatsa shuga m'manja. Anati, "Aa, zimenezo? Musavutike, achimwene. Ife kwathu ana onse amadulidwa ku jando. Palibe amene amavutika kukodza."

Ananena pofuna kuthandiza. Koma ndinaona nkhope ya alamu ikusintha. Anamanga mchere wawo, osatsanzika.

Kunyumba anakhala pa khonde, ine pansi.

"Ndiye alamu, mwapangana ndi a kantina kuti mwana wa mlongo wanga alowe Chisilamu?"

"Si jando ayi! Ndi chipatala! Infirimeru, singano, mankhwala!"

"Tsitsani mawu, kuno si ku mgodi. Mpeni ndi mpeni. Mwana wobatizidwa, mawa azikasamba ku mtsinje anzake n'kumamuseka kuti Myao? Pa mtundu wathu wodulidwa ndani?"

"Nanga akafa?"

"Anafapo ndani ndi mkodzo? Inu malasha akulowani m'mutu." Anthu amene anali pamenepo anaseka. Ndiye anawonjezera: "Munaonapo tambala akutsogolera anapiye? Ntchito yanu munagwira, zikomo. Zotsalazi n'zathu."

Ndinakuwa tsiku limenelo mpaka agalu a mudzi woyandikana anayankha. Mkazi wanga anangoyang'ana pansi. Akanatani? Ine ndinali mlendo wodzera pa msewu, uyo anali mlongo wake wa bere limodzi. Alamuwo anati mwana amusambitsa mizu, pali munthu kuseri kwa phiri amene amazidziwa. Masiku anga anatha. Wochedwa kubwerera ku mgodi ankamutumira asipayi, apolisi a boma. Ndinakwera kamyau, lole ya katundu, mwana akundibayibitsa ndi dzanja limodzi, linalo atagwira pa kabudula.

Mvula itayamba, woyendetsa kamyau ya mbatata wochokera ku Zóbuè anandifunafuna pa mgodi. Anati, "Akulu, akukuitanani kumudzi. Mwana sakukodza."

Ndinampeza ali pa mphasa, thupi ngati mbaula, kamimba katauma gwa ngati dzungu. Kunsongako sindingakufotokozeni. Mizu anali atamusambitsa, atamutema mphini m'chiuno, ndipo mayi wina anayesa kulikoka khungulo ndi zala mpaka linang'ambika. Sankaliranso. Ankangotsegula pakamwa.

Alamu anali chiimire pakhomo. Nthabwala zija panalibe. Anati, "Tengani mwana wanu, alamu. Pitani naye kumene munkanena kuja."

Mwana wanu. Chibadwire chake, tsiku limenelo ndi limene ndinamva mawu amenewo.

Mwini kantina uja ndi amene anaimitsa kamyau pa msewu, natiyalira masaka opanda kanthu kumbuyo. Tinakwera ine ndi amake. Msewu wotsika mapiri unali matope okhaokha, galimoto inkatitimira, amuna kutsika kukankha, ine osatsika poti mwana ndinali nditamufungata. Ndinkamuuza kuti tikafika akaona sitima, ija ndinkamusimbira, yolira kuposa bambo ake. Anatsegula maso kamodzi. Titatsika kuchigwa kotentha, milaza itayamba kuoneka, ndinamva kuti walemera mwa mtundu wina. Amake anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumbali. Sindinagogode kuti woyendetsa aime. Ndinamugwirabe choncho mpaka ku Moatize, pakuti ndinkadziwa kuti tikangobwerera, akhalanso wa eni ake.

Infirimeru anamuvundukula, namuphimbanso. Sanandikalipire. Anangoti, "Kantchito kake kanali kochepa."

Tinabwerera naye mawa lake. Anamuika ku manda a kwa amake, malo anasankha ndi atsibweni ake, ine ndinaima kumbuyo pamodzi ndi akamwini anzanga. Ukwati sunapitirire. Ana ena ndinabereka kwina, ali moyo, ena ndi agogo tsopano. Masiku ano ndimaona azimayi a mipingo yonse atanyamula ana aamuna kupita nawo ku chipatala kukadulitsa, akuseka, akudya chinangwa pa mzere, palibe wofunsa za mtundu. Ndimakhala pa mthunzi n'kumawayang'ana.

Adzukulu amadandaula kuti ndimalankhula mokuwa. Ndimawauza kuti ndinabadwa choncho. Koma mawu amenewa sanapulumutsepo munthu.