Fungo Linandichingamira pa Chigayo

Ndinaganiza zochoka ku Chipangali tsiku limene ogula thonje anandipatsa lisiti lalitali ndi ndalama zochepa. Lisitilo ndikadali nalo. Ndinauza mkazi wanga, amake Vero, kuti ndikupita kukafuna ntchito cha ku Lusaka. Iwo anangofunsa ngati nditenge bulangete latsopano kapena lakale. Ndinatenga lakale.

Ntchito ndinaipeza pa famu ya nkhuku zoikira mazira kufupi ndi Chisamba. Kumudzi ankati a Jere akugwira ntchito ya mazira. Sindinawatsutse, koma zoona zake n'zakuti kwa zaka khumi ndi ziwiri ndinali woyang'anira zitosi. Dzira ndinkalilawa pa Khirisimasi. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa shedi ya manyowa, ndipo Lamulungu ndikalowa m'tchalitchi anthu ankandisiyira benchi yonse. Panalibe wocheza naye kupatula mlonda wina amene mphuno zake zinafa kalekale. Ndalama ndinkatumiza pafoni mwezi uliwonse, koma malangizo a kumunda ndinkalemba m'kalata, chifukwa mawu a pafoni sasiya umboni. Kalata iliyonse ndinkailemba kawiri, ina yotumiza, ina yosunga m'sutikesi.

M'chaka changa chachitatu kunabwera mayi wina wophunzira za nthaka. Atalowa m'shedi anatsokomola, nati, "Bambo, fungo loboola mphunoli ndi feteleza wanu akuthawa. Nayitrojeni yemwe mumagula m'thumba la yureya ndi yemweyu akukwera kumwambayu." Anatiphunzitsa kuwaza ufa wina woyera pa zitosi kuti mphamvuyo igwidwe, kuziunjika pamthunzi, n'kuzivundikira. Anatichenjezanso kuti ngakhale zitosi zothiridwa ufawo, ukaziyanika padzuwa n'kuzisakaniza ndi phulusa, mphamvu imatuluka ndithu. Ndinalemba mawu ake onse. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuchita manyazi. Ndinali mlonda wa chinthu chofuna kuthawa, ndipo sichinkandithawa.

Nditakalamba, mwini famu anafuna kunditsanzika ndi njinga. Ndinaikana. Ndinapempha matumba makumi atatu a manyowa amene ndinakonza ndi manja anga. Ndinkafuna kuti chimanga changa choyamba nditabwerera chiimitse anthu panjira, kuti asamadzati a Jere anapita ndi bulangete n'kubwera ndi bulangete. Matumbawo ndinawatumiza pa lole yopita ku Chipata, mlamu wanga n'kukawatenga pa ngolo. Pamodzi nawo ndinatumiza kalata ya masamba anayi. Ine ndinatsatira patapita milungu itatu.

Fungo linandichingamira pa chigayo, nyumba yanga isanaoneke n'komwe. Ndinalidziwa ngati mawu a mwana wanga. Maso anayamba kutuluka misozi, ndipo anthu amene ankandipatsa moni ankati, "Taonani nkhalamba, yalira poona kwawo."

Pabwalo panga panali pakuda bii, pamwamba patayera mbuu ndi phulusa. Matumba onse anali atakhuthulidwa. Amayi anayi a mphakati wathu wa kutchalitchi ankatembenuza manyowa anga ndi makasu padzuwa la mu Okutobala, akuimba nyimbo ya Maria.

"Amake Vero! Ichi n'chiyani?"

"Takulandirani, a Jere. Koma mwaonda."

"Ndikufunsa za matumba anga!"

"Anabwera a chinyezi. Chachinyezi chilichonse chimayanikidwa. Mtedza timayanika, chimanga timayanika. Mumafuna ziwole?"

"Zitosi ziwole! Nanga phulusali?"

"Ntchentche. Komanso mphakati umakumana pano Lachinayi. Tipemphere kolona titagwira mphuno?"

Amake Josefe, oyandikana nafe nyumba, anatsamira khasu nati, "Phulusali tasonkha mudzi wonse, a Jere, khomo ndi khomo. Amuna ena akanathokoza."

Ndinatsegula sutikesi pomwepo, ndisanamwe ndi madzi omwe, n'kutulutsa kalata yanga yosunga. "Tsamba lachitatu, ndime yachiwiri! Musamasule, musayanike, musathire phulusa. Ndinadula mzere kunsi kwake!"

"Ndinawerenga tsamba loyamba," anatero amake Vero. "Munkadandaula za madalaivala a mabasi. Ndinaona kuti muli moyo, ndiye ndinaisunga."

"Nanga makalata enawo?"

"Chimodzimodzi. Onse alipo, sanadyedwe ndi chiswe."

Zimene zinatsala ndinazikokolola ndekha n'kukathira kumtunda kwa munda. Kumunsi ndinawasiyira amake Vero, ndipo pakati ndinakhoma zikhomo kuti pasadzakhale mkangano. Madandaulo anga ndinakawawerenga ku mphakati Lachinayi lotsatira, mfundo zisanu ndi ziwiri. Anamvetsera mwaulemu, anaomba m'manja, kenako anandisankha kukhala mlembi.

Mvula inabwera bwino, choncho sindingainamizire. Pofika Januwale chimanga changa chinali chachikasu, chondilekeza m'chiuno, monga momwe mayi wa nthaka uja akananenera. Anthu ankaimadi panjira, koma ankayang'ana kumunsi kwa zikhomo, kumene chimanga chinali chobiriwira mochita kuda. Ndinapita kukafufuza ndi kope m'manja.

"Munathira chiyani kuno?"

"Kathumba kamodzi ka feteleza, basi. Chaka chatha kunali mtedza, chaka chinacho soya. Masangwi ndimakwirira."

"Ine ndinalemba kuti kuno kuzikhala chimanga chaka ndi chaka!"

"Mwina munalembadi."

Ndinabwerera kunyumba n'kuyala makalata anga onse pamphasa, chaka ndi chaka, kufunafuna langizo limodzi lokha limene linatsatidwa. Sindinalipeze. Zaka khumi ndi ziwiri ndinkakhulupirira kuti ndikulima munda uwu ndi cholembera ndili ku Chisamba. Munda unkalimidwa, nkhokwe inkadzaza, Vero anamaliza sukulu, ndipo palibe anadikira tsamba lachitatu.

Tinakolola mu Meyi. Chakumtunda chinakwana ngolo imodzi yosadzaza, ng'ombe zikuyenda ngati zikupita kokamwa madzi. Chakumunsi ngolo inabwerera kanayi. Chimene tikudya pano n'chakumunsi, ndipo amake Vero amangondipakulira nsima mwaulemu, zimene zikundipweteka kuposa chitonzo.

Mwezi watha anapita ku Chipata n'kubwera ndi nkhuku zoikira khumi ndi ziwiri m'dengu. Anandiitana kuseri kwa nyumba, kumene anali atamangitsa khola ndi kashedi kofolera bwino pamthunzi wa mango.

"Mazira ndi anga, zitosi ndi zanu," anatero. "Muzivundikire mmene mukufunira. Chaka chino tikathire kumunsi, ndione ngati n'zoona."

Ndinavomera, ndipo zikhomo zija ndinazula ndekha. Koma ndikufuna zidziwike kwa aliyense wowerenga pepala lino kuti pa nkhani ya phulusa, ine sindinalakwe.