Mpando Wakumbuyo wa a Kolala

Mundikhululukire poyamba pomwe. Sindinalembepo nkhani ya munthu, ndipo amene ndikuwalembawa ali moyo, amadziwa kuwerenga, komanso ndi amene amandisokera mathalauza. Ndayesetsa kuti ndisawonjezere kanthu. Pamene ndakayika, ndafunsa kwa amene analipo.

Mumsewu mwathu timawatchula kuti a Kolala, chifukwa batani la pakhosi samalimasula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Ndi telala. Kashopu kawo kali pakati pa wometa ndi wogulitsa mafoni, ndipo mkatimo muli makina osokera, simbi, galasi lalitali long'aluka pakona, ndi chitini cha mabatani osafanana. Ndi munthu wabwino, koma ali ndi nthenda imodzi: pakamwa pawo sipatuluka mawu oti ayi. Amayamba bwinobwino, "Aa, kungoti...", kenako n'kumaliza ndi "chabwino."

Galimoto anaigula chifukwa cha apongozi awo. Kalekale, asanakwatire, mayiwo anayang'ana nsapato za a Kolala n'kuuza mwana wawo, mokweza ndithu: "Iwe, ameneyu udzayenda naye pansi mpaka zidendene zidzathe." Mawuwo anawakhala a Kolala pamtima ngati singano yoiwalika mumsoko. Chimene ankalakalaka chinali chimodzi: tsiku lina adzawatsegulire apongoziwo chitseko, akhale kumbuyo ngati bwana, iwo ali pachiwongolero.

Kagalimotoko kanali kobiriwira, kogula kwa munthu, kamatayala ngati a wilibala. Wometa atakaona anafunsa kuti, "Achimwene, kameneka mwagula, kapena mwasoka nokha ndi zidutswa zotsala?" Wogulitsa mafoni anati ali ndi tchaja yoti n'kukatchajira. Dzina linamera pomwepo: Kasopo, poti kankaoneka ngati kasopo kochapira. A Kolala sanalabadire. M'mawa uliwonse ankakapukuta ndi nsalu yofewa, ndipo anakasokera chophimba chake, chokhala ndi timatumba tolowetsamo magalasi a m'mbali.

Kenako abale anamva. Alamu awo ankafuna kuperekezedwa kuntchito. Azakhali miyendo inayamba kuwawawa sabata yomwe galimoto inafika. Msuweni wina amene anasowa kalekale anatulukira, ana ali pambuyo. Kasopo kankadzaza mpaka kumbuyo kukhala pansi, ndipo pachitunda cha pafupi ndi mlatho kankalira ngati makina osathira mafuta. Okwera ankatsika, koma osati kuti akankhe. Ankayenda m'mbali n'kumapereka malangizo.

"Bambo, kodi kukana kumapha?" anafunsa akazi awo. "Ine mwini wake ndikupita kumsika wapansi, azakhali anu ali phee kutsogolo."

"Ndikonza, amayi."

A Kolala anaganiza mwa utelala: chovala chikamavuta, umadulako. Loweruka lina anabwereka sipanala, anamasula mpando wonse wakumbuyo, n'kukauika mushopu kuti makasitomala azikhalapo. Anaseka okha. Tsopano sipafunikanso kukana, galimoto izikana yokha.

Alamu anasuzumira pawindo n'kuwomba m'manja. "Alamu, mutu muli nawo! Matumba anga a simenti aja akwanira bwinobwino apa."

Pambuyo pa simenti panabwera matiresi, nkhuku za azakhali, filiji ya msuweni, ndi mbuzi imene inatafuna lamba wa mpando wakutsogolo. Anthu ukawapanikiza amadandaula, koma katundu alibe pakamwa, choncho ankalongedza mpaka kudenga. A Kolala, amene anali dalaivala wa banja, anakwezedwa pantchito n'kukhala wa lole.

Ndiye uthenga unafika: apongozi akubwera pa basi kudzacheza, koyamba chigulire galimoto.

"Mpando uja ubwerere," anatero akazi awo, osakweza mawu.

"Ubwerera, amayi."

Anasesa nthenga, anakolopa fumbi la simenti, anapoperamo zonunkhiritsa. Mpando anati aubwezeretsa m'mawa wa tsikulo. Koma atatsegula shopu, munthu woyamba kulowa anali aphunzitsi aakulu a pasukulu yapafupi, mayi athupi lawo, odzatenga diresi limene linali litachedwa kale. Anafikira pampando pomwepo.

"Madamu, kungoti mpandowo..."

"Ndidzuka pano diresi langa likatha, atelala. Ndayendera mokwanira."

"Chabwino."

Anapalasa makina ngati akuthamangitsidwa. Diresi litatha, madamu analiyesa, anadziyang'ana pagalasi, n'kukhalanso pansi. Akuti mkono wina unali wautali. Nthawi yomweyo foni inalira. Anali akazi awo, ali kale kudepoti: basi yafika.

Apa ndi pamene luso linawapweteka. Telala amakhulupirira kuti palibe chimene nsalu yabwino singabise. Anathamangira kugolosale, anabwereka makireti a zakumwa, anawandandalika kumbuyo mu Kasopo, anayala siponji pamwamba, n'kuphimba ndi nsalu ya makatani yofiirira, yonyezimira, yopinda bwino m'makona. Izi zokha ndinaziona ndi maso anga, ndipo kunena zoona zinkaoneka bwino kuposa mpando weniweni.

Kudepoti anatsika, anakonza kolala, anawerama pang'ono, n'kutsegula chitseko chakumbuyo monga anakhala akuyeserera mumtima zaka zonsezi.

"Takulandirani, amayi. Lowani."

Apongozi anayamba azungulira kagalimotoko, ulendo umene sunawatengere nthawi.

"Ndi kanu ndithu, bambo?"

"Ndi kathu, amayi."

"Eya. Mukamakasamala kadzakula."

Anawerama, n'kutsamiza dzanja pansalu paja kuti akwere. Pansi pake panamveka ngwelengwele. Pofulumira, a Kolala anaiwala kuchotsa mabotolo. Apongozi anakweza nsalu ndi zala ziwiri, anayang'ana makireti, anayang'ana mwana wawo, kenako anatola nthenga ya nkhuku imene inatsalira pakona n'kuipereka kwa a Kolala. Iwo anailandira ndi manja awiri.

"Kutsogolo kuli malo abwino, amayi," anayesa kutero.

"Ndiye mwana wanga akhale pamabotolo? Ayi, bambo, musavutike." Anakodola onyamula katundu. "Tandiikirani zikwama zanga umu. Malo ake ndi amenewa."

Atatero anagwira mwana wawo padzanja n'kukakwera minibasi. Akazi a a Kolala sanacheuke.

A Kolala anayendetsa okha pambuyo pa minibasiyo, utsi ukuwathira kumaso, zikwama zikugubuduka kumbuyo, mabotolo akuwaimbira njira yonse. Minibasi ikaima kutsitsa anthu, nawonso ankaima, poopa kuti akafika kunyumba oyamba zioneka ngati mwano.

Apongozi anakhala masabata angapo, ndipo sanapondemo mu Kasopo. Sikuti sanayamike. Atabwerera kwawo anauza aliyense kuti mkamwini wawo ali ndi galimoto ya katundu, ndipo ndi munthu wosakana. Foni ya a Kolala siikupuma masiku ano. Mpando ukadali mushopu, chifukwa mabawuti ake alamu anakamangira geti.

Ine ndili ndi kabati imene ndiyenera kusamutsa mwezi uno, ndipo ndinali nditayeza kale ndi maso kuti ikhoza kulowa mu Kasopo titaichotsa zitseko. Nditamaliza kulemba izi ndaganiza zokalankhula ndi wa ngolo. Ndipita mawa m'mawa, ndipo ndidzera njira yakuseri, chifukwa a Kolala akandiona n'kundifunsa kumene ndikupita, ndikhoza kuwauza.