Kalata ya Ubatizo Imene Inapsa

M'zaka zimene nkhondo ya ku Mozambiki inkathamangitsira anthu kuno kwathu, ine ndinali mtsogoleri wa amayi pa tchalitchi chathu chaching'ono ku Chowe. Othawa nkhondo anamanga misasa yawo kutsidya kwa dambo. Poyamba tinkawamvera chisoni, koma malole atayamba kuwabweretsera ufa, nyemba ndi mafuta ophikira, ife tikudya gaga, mitima ya ambiri inatembenuka. Wanganso unatembenuka. Pa mjigo mzere unatalika, nkhuni zinayamba kusowa m'phiri, ndipo zonsezi tinkaloza iwo.

Pakati pawo panali mayi wina wamtali, wa chipsera pamkono, amene ankabwera kutchalitchi Lamulungu lililonse ndi ana ake aakazi awiri. Ankakhala pamphasa, kumbuyo kwenikweni. Nyimbo zathu ankazidziwa pamtima, kungoti mawu ena ankawatchula mwa Chinyanja cha kwawo, moti atsikana a kwaya ankatsinana n'kumaseka.

Tsiku lina mapemphero atatha, mayi uja anandipeza ndikusesa. Anagwada n'kundiuza kuti kwawo anali wa mpingo womwewu, anabatizidwa ali khanda, ndipo anavala yunifomu ya amayi zaka zambiri. Anapempha kuti alowe m'gulu lathu ndi kuyambanso kulandira Mgonero wa Ambuye. Ndinamufunsa kalata ya ubatizo. Anati inapsera m'nyumba tsiku limene asilikali anatentha mudzi wawo, tsiku lomwenso anataya mwamuna wake. Ndinamulonjeza kuti ndikawafotokozera ansembe, amene ankabwera pa njinga yamoto kamodzi pa mwezi kuchokera ku Mangochi.

Sindinawafotokozere. Mwezi woyamba ndinadzinamiza kuti ndaiwala. Mwezi wachiwiri atandifunsa, ndinamuyankha kuti ansembe akuti popanda kalata n'zovuta. Mumtima ndinkati anthu awa atilanda madzi ndi nkhuni, asatilandenso malo pa guwa. Iye anangoti zikomo, n'kubwerera pamphasa pake. Ife tikapita kukalandira Mgonero, iye ankatsala ataweramitsa mutu.

Chaka chotsatira kunabwera alendo atatu achizungu ochokera ku mpingo wa kwawo kutsidya kwa nyanja. Tinazira tchalitchi, tinabwereka mipando kusukulu, tinapha nkhuku ndi kuphika mpunga. Ine ndi amene ndinawatsogolera kumipando yakutsogolo, ndipo anali oyamba kumwera m'chikho. Mmodzi wa iwo analalikira, ansembe akumasulira, za khamu la kumwamba la anthu a mitundu yonse ndi zinenero zonse, ataimirira pamodzi pamaso pa Mulungu. Ndinawomba m'manja kuposa aliyense.

Nthawi ya chakudya, mzungu wina wachikulire, mzimayi, anasiya mpando n'kukakhala pamphasa pafupi ndi mayi uja. Sankamvana chinenero. Mzunguyo anayamba kung'ung'udza nyimbo imene tinaimba m'tchalitchi, mayi uja n'kuilandira, aliyense m'chinenero chake, mpaka anamaliza ndime zonse atagwirana manja. Ine zinandinyansa, ndipo ndinaitana mayi uja kuti adzatsuke mbale.

Tikutsuka awiriwiri kuseri kwa tchalitchi, anandifunsa motsitsa mawu, osandiyang'ana.

"Amayi, kodi alendowa anakuonetsani makalata awo?"

"Amenewo ndi alendo a ansembe," ndinatero.

"Chabwino, amayi. Ndimangofunsa."

Sanayambitsenso nkhaniyo. Koma sanasiye kubwera. Apongozi anga atamwalira, anafika m'mawa ndi mtolo wa nkhuni, anatunga madzi masiku onse a maliro, ndipo poimba ndiye ankayambitsa nyimbo amayi ena mawu atawathera. Ndinkamuona, manyazi n'kumandigwira, koma kuulula kunatanthauza kuvomera kuti ndinanamizira ansembe. Ndinasankha kukhala chete.

Nkhondo itatha, anthu anayamba kubwerera kwawo. Mayi uja anabwera kunyumba kudzatsanzika ndi ana ake. Anandithokoza kuti ndinamuvutikira kwa ansembe, ngakhale zinakanika, ndipo anati akakafika akafunafuna mphunzitsi wakale wa tchalitchi chawo, ngati ali moyo, kuti akamuchitire umboni. Ndinamupatsa nandolo pang'ono m'kathumba. Ndinamuperekeza mpaka pa dambo, koma ndinangomufunira ulendo wabwino.

Patapita miyezi itatu ndinapita kwa ansembe n'kuwauza zonse. Iwo anati ku matchalitchi ena amene ankayendera analandira othawa nkhondo ambiri opanda kalata, atangocheza nawo pang'ono.

"Mukanangondiuza, mayi, akanalandira Lamulungu lomwelo."

Anandipempherera n'kunditsimikizira kuti Mulungu amakhululuka. Ndinapempha kuti utsogoleri apatse wina, ndipo amayi anzanga anadabwa chifukwa sindinawauze chifukwa chake. Mwamuna wanga yekha ndiye ndinamuuza. Anandithandiza kufunsa kwa anthu ochita malonda m'malire ngati akumudziwa mayi wamtali wa chipsera pamkono, koma dzina la mudzi wake sindinkalidziwa. Zaka zinayi zonse zimene tinapemphera limodzi sindinamufunsepo.

Tsopano ndakalamba, ndipo tchalitchi chathu chili ndi mabanja angapo a ku Mozambiki amene anatsala n'kukhazikika. Zidzukulu zawo zinakwatirana ndi zathu. Ansembe akamalalikira za kumwamba, anzanga amasangalala poganiza za makolo awo amene adzawaonenso. Ine ndimaganiza za mayi uja, ndipo ndimachita mantha pang'ono. Ndikhulupirira kuti adzakhalako. Ngati nane adzandilola kulowa, ndidzayenera kumuuza ndi pakamwa panga kuti ansembe sanamukanize.