Magazi Ochepa a Achimwene Anga

Achimwene anga anali ndi makani oti ngakhale mvula ikuwanyowetsa ankatha kukutsutsa kuti sikugwa. Ine ndine mlongo wawo wamng'ono, ndipo ndine ndinawakokera kuchipatala chaka chija mphekesera za anamapopa zinadzaza Phalombe yense, aliyense akulumbira kuti kwabwera anthu opopa anzawo magazi.

Munthu amene ankapalasa njinga ya matumba awiri a nandolo mpaka pa Migowi osatsika anayamba kupumira m'mwamba pakamtunda kachabechabe. Zikhatho zinayera mbuu, thalauza n'kumagwa. Ukawafunsa, ati ndi ntchito yakumunda. Ntchito yake iti, pamene khasu ankagwira ndi alamu anga?

Tinalowa kwa adokotala tonse awiri. Atangonena zoyeza magazi, achimwene anabisa dzanja m'thumba.

"Chemwali, wandibweretsa kwa eniake," anandinong'oneza.

"Achimwene, kadontho kamodzi ka pachala! Musandichititse manyazi pano."

Anatulutsa chala akuyang'ana kukhoma. Zotsatira zitabwera, adokotala anati malungo palibe koma magazi achepa kwambiri.

"Bambo, mwamuna wa msinkhu wanu magazi sangochepa okha, pali pamene akutayikira. Nthawi zina ndi m'matumbo, ndiye timafuna kuona msanga ngati si khansa. Kodi mukapita kuchimbudzi mumaona magazi?"

"Ayi," anayankha achimwene, mofulumira.

Anatilembera kalata yoti tipite kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Titatuluka panja, munthu uja nkhope ili mwee, ngati wapambana mlandu.

"Wamva wekha? Adokotala avomera kuti magazi anga achepa. Ndiye wawatenga ndani?"

Abale inu, ndinangotsala pang'ono kukhala pansi pafumbi. Zonse zija za matumbo zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti chipatala chatsimikiza zoti achimwene anapopedwa. Amuna ankabwera kudzawaona ngati mboni. Alamu anayamba kuwiritsa masamba a mapeyala ndi chidede, akuti zobwezeretsa magazi, ndipo kalata ija inakagona m'Baibulo.

Ndinalankhula mpaka malovu kuuma. Ndinatuma amalume, ndinatuma akulu ampingo, ndinafika polira pakhonde pawo anthu akuona. Yankho linali limodzi: "Ku Blantyre? Kumeneko ndiye kuchimake kwa opopawo." Ndinapsa mtima, sindibisa. Ndinati khalani nawo makani anuwo, ndipo ndinatha miyezi iwiri osapondako kwawo.

Pamene alamu anadzandiitana, achimwene analibenso mphamvu zokanira. Tinachita kuwanyamula kukawakweza minibasi, mutu wawo uli paphewa panga njira yonse, wopepuka ngati wa mwana.

Ku Blantyre adokotala anandiuza kuti ndidikire kuseri kwa nsalu yotchinga bedi. Ndinaima pamenepo nditagwira nsapato zawo, ndipo zonse zinkamveka. Funso linali lomwe lija la kuchimbudzi.

"Eya, ndimawaona," anatero achimwene chapansipansi. "Chaka chino n'chachiwiri."

"Nanga kwanu kuja munakaniranji? Mukanabwera nthawi imene ija tikanakhala ndi pogwira."



"Munali mlongo wanga m'chipindamo, adokotala. Mwamuna anganene za kuchimbudzi mlongo wake ali pomwepo?"

Ndinafuna kung'amba nsalu ija ndiwakalipire mpaka wodi yonse imve. Zaka ziwiri! Kulolera kunamizira anamapopa, kumwa masamba owawa, chifukwa cha manyazi ndi ine amene tinayamwa bere limodzi! Koma ndinangoima pomwepo, nsapato zawo zili m'manja.

Inali khansa, ndipo inali itafalikira. Tinabwerera nawo kumudzi, ndipo nandolo wa chaka chimenecho anakolola ndi alamu okha.

Mkwiyo uja mpaka lero sindidziwa poutula. Tsiku loyamba lija adokotala sanandiitane ayi. Ndinalowa ndekha m'chipindamo, n'kukhala pafupi ndi chitseko kuti achimwene asathawe.