Andifunsa amene ndasiya kunyumba

Mwaswela bwanji nonse. Ndili m'basi pa Nyimba, ndikubwelela ku Petauke. Viza andikana.

Mukudziwa kuti mwana wanga Tisa ali pafupi kuchila ku Ulaya, ndipo ndi mimba yoyamba. Ndimafuna ndikamusambitsile khanda ndi kumuthowa msana ndi madzi otentha, monga anandichitila amai anga.

Ku embase ku Lusaka ndafika m'mawa. Pageti anditengela foni, ndipo alamu anga a Banda, amene anandipelekeza, awabweza. Mkatimo aliyense ali zii, wakumbatila mapepala ake. Ndapeleka moni kwa mai wina pabenchi, wangondiyang'ana.

Nthawi yanga itakwana, mtsikana wa kuseli kwa galasi wandifunsa kudzela mwa womasulila kuti, "Amai, kunyumba mwasiya ndani?"

Mtima wanga unatsika. Ndimayesa wapezeka munthu wofunsa za kunyumba monga timafunsilana kwathu. Ndamuuza zonse: amuna anga anamwalila, ana onse ali m'matauni, nshawa ndakolola kale, kumudzi ku Kaumbwe ndimakhala ndekha ndipo masiku ena ndimangokamba ndi mbuzi.

Wagwedeza mutu, n'kundibwezela pasipoti pansi pa galasi. Akuti ndikapita, palibe chimene chingandibweze ku Zambia.

Sindinaname ngakhale pamodzi. Tisa sindinamuuze, chonde musathamange kumuimbila.

A Banda akuti ndingayesenso. Ndiye ndifunse inu abale, popeza pagulu pano mulipo ambili: akadzandifunsanso amene akundidikila kunyumba, nditchule dzina la ndani?